Ng'ombe 7 si Ng'ombe 07

Misozi mwana wanga,

Kalata iyi ukaipeza m'katundu wako ukafika ku Kitwe. Sindikukupatsa pamanja chifukwa ndikudziwa chimene ungachite: ungaipinde kanayi n'kunena "zikomo Amama" ndi mawu aja amene umayankhira kondakitala wa minibasi. Ndikulemba muno mu ofesi ya kopaletivu yathu ya mkaka, alimi atangomaliza kupereka wa masana, zigubu zikuuma padzuwa. Ndikulemba ndi bolopeni ngakhale kompyuta ili pomwepa ikundiyang'ana. Ine ndi iyo timadziwana bwino, ndipo zinsinsi za m'banja sindingaiuze.

Mawa ukukwera basi kukaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Sabata yatha, uli kutsuka zigubu, osandiyang'ana n'komwe, unandiuza kuti pa Khirisimasi subwera. "Nizankhala ku hositelo chabe, Amama. Kuno nankhalako kale chaka chaulele." Ine ndinayankha kuti chabwino, ndiye kuti mpunga udzatikwanira. Linali bodza. Mawu akowo sanandichoke m'mutu masiku onsewa, ndipo kalata ino, ngakhale uione ikuzungulira m'makola a ng'ombe, ikupita pamenepo. Chaka ukunenacho ndinakudyera ndine. Ndifikapo, usandithamangitse. Undilole ndiyambe ndi zolakwa zimene anthu a kuno ku Palabana amaseka nazo, kenako ndifike pa chimene palibe amaseka.

Ukudziwa kuti ine sukulu ya kompyuta sindinaiponde. Ndinali wotayipa makalata basi. Tsiku limene anthu ena othandiza anatisiyira makinawa, atcheyamani athu, a Zulu, anaima pakhomo n'kulamula kuti popeza mabatani ake ndi ofanana ndi a tayipi, ntchitoyi ndi yanga, ngati kuti wodziwa kupalasa njinga ndiye kuti angayendetse basi ya ku Chipata. Anatipezera mayi wina wa ku Lusaka, a Tembo, kuti azibwera Loweruka kudzandiphunzitsa chilankhulo chouzira kompyuta zochita, chimene amachitcha Perl. A Tembo anali munthu woleza mtima, wosaseka wophunzira pamaso. Ankadikira kuti akwere minibasi kaye. Iwe unkabwera kuchokera kusukulu n'kukhala pa benchi kumbuyo kwanga, mapasa mnzako Taonga ali ku khola kucheza ndi ana a ng'ombe, ndipo zimene ine ndinkazimva kachitatu iwe unkazimva kamodzi. Choncho zimene ndilembe apa ukuzidziwa kale. Koma ukuzidziwa za m'buku. Ine ndinazidziwa anthu atandizungulira.

Cholakwa changa choyamba chinali cha ikwozi. A Tembo anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti ikwozi mmodzi, =, amalamula kuti kuyambira tsopano iwe ndiwe chakuti, pamene ikwozi awiri, ==, amafunsa kuti kodi ichi n'chofanana ndi icho. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Patapita milungu ingapo dokotala wa ziweto anatuma uthenga kuti akufuna mndandanda wa ng'ombe zonse za bere kuti adzazione. M'kaundula mwathu ya bere tinkailemba 1, yopanda bere 0. Ine pofunsa makina kuti andisankhire za bere ndinaika ikwozi mmodzi, mwina chala chinatopa. Kompyuta inamvera. Ng'ombe iliyonse imene inadutsa pamenepo inaipatsa bere, ndipo purinta inalira mpaka pepala lija la mabowo m'mbali linafika pansi. Ndinaona kutalika kwake n'kunena kuti Mulungu watidalitsa chaka chino. Dokotala anabwera pa njinga yamoto, atanyamula magolovesi aja ofika paphewa, n'kuyamba kuzungulira makola kuyambira m'mawa. Pofika masana anali ataviika mkono mu ng'ombe zosawerengeka zopanda kanthu, zina zimene zinali zitabereka mwezi womwewo. Womaliza pamndandanda anali Kapitao, nkhunzi ya a Zulu. Dokotala anaiyang'ana, anayang'ana pepala, kenako anayang'ana ine.

"Amai, iyi ikabala munitumile uthenga. Nizabwela na ba nyuzipepa."

Mpaka lero ndikadutsa pamsika pali amene amandifunsa kuti Kapitao ali miyezi ingati. Ndiye Misozi, funsa, usalamule. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya phula la mng'oma wonse. Ukafika kumeneko ukapeza anzako a m'chipinda, a ku Mongu, a ku Kasama, odya zimene iwe sudya. Usafike n'kuwapatsa bere. Wina akakhala chete usagamule kuti ndi wonyada, umufunse. Mphunzitsi akanena chimene sunamve usagwedeze mutu ngati amako. Ndikudziwa ukuwerenga apa ukuti, Amama amenewa akuphunzitsa kufunsa, iwo amene pakhomo pawo sanafunsepo ngakhale ndiwo. N'zoona. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale khutu lake lomwe likhale lofunika kutsinidwa.

Chachiwiri chinali cha makalata a madzi, ndipo ichi sindinakuuzepo chonse. Kachipangizo kathu koyezera mkaka kanagwira a Phiri a kutsidya kwa dambo katatu konse kuti amathira madzi m'chigubu. Komiti inagamula kuti alembedwe kalata yowachenjeza, yaukali ndithu, yotchula ndi za manyazi omwe. Nthawi imeneyo ndinali nditakonda ikwozi awiri moti ndinkawaika paliponse. Ndinauza makina kuti ayende m'kaundula wa alimi, akapeza dzina lofanana ndi Phiri asindikize kalata, ndipo pofananitsa ndinaika ==. Chimene sindinadziwe n'chakuti m'chilankhulo chimenechi ikwozi awiri amayeza manambala okha. Ukawapatsa mawu amawasandutsa nambala, ndipo mawu amene si nambala amakhala ziro. Banda ziro, Phiri ziro, Zulu ziro, onse ofanana. Ine ndinasiya purinta ikulira chifukwa ndinkachedwa ku kwaya, n'kuuza atate ako kuti chimene chituluke akapereke kwa mwini wake popita kukatenga zigubu. Atate ako ndi munthu womvera. Panatuluka makalata a alimi onse, aliyense ndi dzina lake pamwamba, ndipo iwo anawamanga pa keriyala ya njinga n'kugawa khomo ndi khomo mpaka dzuwa kulowa, osadabwa ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake ndinapeza anthu ali mzere pakhomo la ofesi, ndipo ndinayamba kuyang'ana zenera loti ndithawire. Ndinadziwa kuti lero andidya wamoyo. Analowa woyamba, mkulu wa mpingo wathu amene, anatseka chitseko, anavula chipewa, n'kuyamba kufotokoza motsitsa mawu kuti chigubu chake chinangogona panja tsiku la mvula. Wachiwiri anati mkazi wake ndiye amatsuka osakhuthula bwino. Wachitatu anangolira. Pofika teni koloko ndinali nditamva kuulula machimo kuposa abusa pa Pasaka, ndipo ndinkangoti pitani, musakachitenso. Madzulo ndili kusenda nyemba atate ako anadzakhala pafupi, kalata yawo ili m'manja, pakuti nafenso tili m'kaundula.

"Ni ka kapu kamozi chabe, amake mapasa. Pa Mande pa Mande."

Munthu yekhayo amene anakana mpaka mapeto anali a Phiri. Loweruka a Tembo anandionetsa kuti mayina amafananitsidwa ndi eq, amene amayang'ana chilembo ndi chilembo, ndipo tsiku limenelo sanathe kudikira minibasi, anaseka pomwepo mpaka kupukuta maso ndi ngodya ya chitenje. Mkaka wa mwezi umenewo unali wokoma kuposa kale lonse, koma usatengerepo phunziro lolakwika. Phunziro lake ndi ili: anthu ukawayeza ndi sikelo ya manambala onse amatuluka ziro. Kukoleji akakupatsa nambala, akakuitana ndi nambala, mayeso akawapachika ndi nambala. Uwalole, ndi ntchito yawo. Koma iwe mlonda wa pageti umudziwe dzina, mayi wophika umudziwe dzina, ndipo ukadwala ndi amenewo adzakukumbukire. Ndiponso munthu akakulembera kalata yokuneneza, uyambe wafunsa ngati ndi yako usanavule chipewa.

Ndiye poti moto unanditentha ndi ikwozi awiri, ndinathawira mbali inayo, n'kuyamba kuyeza chilichonse ngati mawu. Apa ndi pamene panabwera nkhani ya wilibala. Pa tsiku la alimi la chaka chimenecho komiti inagula wilibala yatsopano, yobiriwira, kuti ikhale mphotho ya ng'ombe yotulutsa mkaka wochuluka patsiku. Dera lonse linkadziwa kuti ndi ya a Zulu, ng'ombe yawo ya malita 14. Iwo anabwera atavala jekete, ndipo njinga anaisiya kunyumba dala kuti manja akhale opanda kanthu pobwerera. Ine posanja ng'ombezo sindinaike chizindikiro chija chokhala ngati mlomo wa nkhuku, >, chimene chimayeza kukula kwa nambala. Ndinaika gt, amene amasanja ngati dikishonale, kuyang'ana chilembo choyamba kaye. Chilembo choyamba cha 14 ndi 1. Ndiye 9 inaposa 14 kutalitali. Mlendo wolemekezeka anawerenga pepala langa pa chimkuzamawu, ndipo wilibala inapita kwa amayi Daka, amasiye aja a kuseri kwa tchalitchi, amene kang'ombe kawo ka malita 9 ukhoza kukawerenga nthiti uli pamsewu. Amayi Daka sanafunse mafunso. Anaimba nthungululu, anakweza mdzukulu wawo m'wilibala n'kuyamba ulendo fumbi lili kobo, ndipo panalibe mwamuna wolimba mtima woti akawalande. A Zulu anaomba nawo m'manja chifukwa anthu ankawayang'ana. Moni wawo ndinadzaumvanso patatha mwezi.

Apa tchera khutu, chifukwa ku Kitwe kuli anyamata. Ukakumana ndi a nsapato zonyezimira, a majekete a chikopa, olankhula Chibemba chotsekemera ngati nzimbe, amene amalume awo onse ndi mabwana a ku migodi. Amenewo ndi 9. Chilembo choyamba chachikulu, kumbuyo kulibe kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Atate ako tsiku loyamba kuwaona, pa ukwati wina ku Kasisi, anali atamanga buluku ndi chubu cha njinga, ndipo anandilankhula za matenda a nkhupakupa kwa ola lathunthu. Ndinauza anzanga kuti uyu ngakhale atatsala yekha padziko. Anayamba ndi 1 bamboyo. Koma nditadikira ndinaona kuti kumbuyo kuli manambala ena: sanandikwezerepo dzanja, sanagonepo kunja, ndipo inu muli makanda ankadzuka kunyamula mmodzi ine ndikuyamwitsa wina. Ka kapu ka pa Mande ndinawakhululukira. Uwerenge nambala yonse mpaka kumapeto, Misozi, ndipo ikakhala yaitali usachite ulesi.

Zina ndingozitchula chifukwa sizinandichititse manyazi pagulu. Mabuku ako usabwereketse munthu amene sukudziwa kumene amagona. Madisiketi osungiramo za pa kompyuta usawaike pafupi ndi wailesi, ndiponso usawasiye padzuwa, ndinaonapo imodzi itapindika ngati chitumbuwa. Chilichonse walemba usunge kawiri. Kutchalitchi uzipita, ngakhale aziimba nyimbo zimene sukuzidziwa, uzingotsegula pakamwa. Ukamva mutu ndi kuzizidwa upite kuchipatala tsiku lomwelo, usadikire kuti uone ngati ndi malungo enieni. Kondakitala akakuuza kuti basi inyamuka manje manje, ugule chakudya. Ndipo pulogalamu ikagwira ntchito ulendo woyamba osadandaula, usasangalale, uyambe kuiopa, ndipo zimene yatulutsa uziwerenge ndi maso ako usanapatse atate a munthu aliyense kuti akagawe.

Tsopano ng'ombe 7. Iyi unaliko, koma ndikufuna uimve kuchokera kwa ine. M'khola la kopaletivu munali ng'ombe ziwiri. Ina inali nkhalamba yovala kachitsulo kakale pakhutu kolembedwa 7, youma mawere, yodziwa kuponda chidebe chikangodzaza. Ina inali yaing'ono, ya mwana woyamba, yovala kapulasitiki kachikasu ka masiku ano kolembedwa 07, ndipo mkaka wake unkachita kusefukira. Komiti inagamula kuti nkhalamba ipite kwa wabutchala. Ine ndinaganiza bwinobwino ulendo uno. Ndinati 7 ndi nambala, nambala imayezedwa ndi ikwozi awiri, palibe angandinene. Makina anayenda m'kaundula, anayamba kukumana ndi 07, anaona kuti ziro wakutsogolo sawonjezera kanthu, n'kusindikiza chilolezo. Wabutchala anabwera ndi lole yake, abusa a ng'ombe anatsata pepala lofotokoza khola ndi mtundu, ndipo yaing'onoyo inakwezedwa mwana wake akulira. Anaona ndi Taonga. Analowa mu ofesi akuthamanga, ndowe mpaka m'maondo, kudzandiuza kuti atenga yolakwika, pakuti iye ng'ombe amazidziwa nkhope.

Ndinakwera njinga ya atate ako ndi siketi ya ku ofesi. Anthu amene anandiona tsiku limenelo amati sanaonepo mayi wa kwaya akupalasa ataimirira. Mwayi wanga mvula inali itagwa, ndipo lole ndinaipeza itatitimira pa kamtsinje kaja tisanafike pa msewu waukulu. Wabutchala sanafune kumva.

"Amai, pepala ikamba seveni. Seveni ni seveni."

Ndinamuuza kuti akwere ayang'ane khutu. Anati ziro si kanthu, ngakhale mwana wa giredi wanu amadziwa. Ndinamuuza kuti ziro ameneyo ndi malita khumi patsiku, ndipo akapanda kutsitsa ng'ombeyo ndigona kutsogolo kwa tayala. Ndinagonadi, m'matope. Anaitsitsa akutukwana m'zilankhulo zitatu, ndipo ndinabwerera wapansi, dzanja lina chingwe, lina njinga, ng'ombe ikundinyambita matope kumsana. A Tembo nditawafotokozera sanaseke. Anati kompyuta sinaname, ndinaifunsa ngati manambala awiriwo akulemera mofanana ndipo akulemeradi mofanana. Chimene sindinaifunse n'chakuti kodi ndi ng'ombe imodzi. Anati cholembedwa pakhutu chimaoneka ngati nambala koma ndi dzina. Iwe unali pa benchi yako kumbuyo, ndipo unalankhula motsitsa, ngati ukuuza khoma.

"Na ise mumatichita so, Amama."

Ndinakukalipira kuti ukatunge madzi. Ndinamva bwino lomwe chimene unatanthauza, n'chifukwa chake ndinakukalipira.

Inu munabadwa usiku umodzi, iwe wamphamvu, Taonga kakang'ono ngati botolo, kosafuna kuyamwa. Milungu itatu sitinadziwe ngati akhala. Amayi a m'mudzi ndi apongozi anga anandiuza chimene amauza aliyense wobereka mapasa, kuti usadzasiyanitse, chimene wapatsa uyu upatsenso uyo, ukakondera mmodzi winayo amanyanyala n'kubwerera kumene anachokera. Ine ndine Mkhristu, ndinkati zimenezo ndi zakale. Koma ndinali nditamugwira mwana uja m'manja akupuma ngati mwanapiye, ndipo mantha amene analowa tsiku limenelo sanatulukenso. Ndiye wina akadwala malungo nonse munkamwa mankhwala owawa aja. Wina akaba shuga nonse munkalawa chikoti, ndipo ndikudziwa tsopano kuti wakuba shuga nthawi zonse anali Taonga. Iwe ukakhala nambala wanu m'kalasi sindinkakuyamika pamaso pake, ndinkangoti nonse mwayesetsa. Ndinkadzitama kwa anzanga kuti ana anga ndi ofanana kwa ine, ndipo ndinkaona ngati chimenecho ndiye chikondi.

Ndiye chaka chatha kalata ya ku koleji inabwera ndi dzina limodzi. Iwe unakhoza, Taonga masamu anamugwetsa. Unaibweretsa kalatayo ukuthamanga, nsapato ili imodzi, ndipo ine m'malo mokukumbatira ndinayang'ana kumene kunali m'bale wako. Ndinalamula kuti palibe apite mpaka mupite nonse. Atate ako anayesa kulankhula, ndinawakumbutsa za ka kapu. Ndinakhala pa kompyuta ino, imene iwe unkaikonda kuposa ine, n'kulembera akoleji kuti akusungire malo chifukwa pakhomo pali mavuto. Vuto lake linali ine. Anzako anapita, iwe unatsala ukutsuka zigubu ndi kundikonzera mapulogalamu amene ine ndinkaphwanya, ndipo sunandinyoze ngakhale tsiku limodzi. Ukanandinyoza bwenzi zili bwino. Unangosiya kundiuza zinthu.

Taonga analembanso mayeso n'kulepheranso, ndipo sindinaonepo munthu wolephera mosangalala chotero. Tsiku la zotsatira anabwera akudya chimanga chootcha, n'kundiuza kuti iye koleji ya ku Kitwe sanaifunepo, akufuna kuphunzira za ng'ombe pompano pa Palabana, akhale ndi khola lakelake. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere kale. Anati, "Simunanifunsepo, Amama." Ndiye uone, mwana amene ndinkamuteteza ndinamuzunza chaka chathunthu ndi masamu, ndipo mwana amene sanalakwe kanthu ndinamumanga mwendo. Ndinkaopa kuti ndikasiyanitsa mmodzi adzanyanyala n'kuchoka. Sindinasiyanitse, ndipo mmodzi wanyanyala, akuchoka mawa.

Ndinalakwa, Misozi. Sindikunena kuti zinangochitika, kapena kuti ndinkafuna zabwino, ngakhale ndinkafunadi zabwino. Ndinakulanda chaka, sindingakubwezere, ndipo ndikupepesa. Mawu amenewa sindinawanenepo kwa a Zulu, kwa dokotala wa ziweto, ngakhale kwa atate ako, ndiye uwasunge bwino, ndi osowa. Ndimakunyadira. Ndinkakunyadira uli giredi fayifi pamene unandionetsa pamene ndinaiwala kutseka bulaketi mu pulogalamu, ndinangosowa pokuuzira chifukwa m'bale wako anali pomwepo. Upite ukaphunzire mpaka uwapose onse, ndipo ukakhala nambala wanu undilembere, ndidzaimirira m'tchalitchi n'kutchula dzina lako lokha.

Dzulo ndinakwera minibasi kupita ku Chongwe kukakugulira bulangeti, chifukwa akuti ku Kitwe mwezi wa Juni kumazizira mpaka m'mafupa. Ndinalowa m'sitolo ya a Mumba, mmene ndagula zinthu zanu kuyambira matewera. Anandilonjera, anatsitsa mabulangeti awiri ofanana osandifunsa, n'kuyamba kuwakulunga. Ndinawauza kuti ndikufuna limodzi. Anasiya kukulunga, kenako anavula chipewa.

"Imozi chabe? Amake mapasa, kuli shani kunyumba? Sitinamveko."

Zinanditengera nthawi kuwatsimikizira kuti palibe maliro, nonse muli moyo, wina akungopita kusukulu. Atakhulupirira anasangalala, anatsitsa mabulangeti onse a pashelefu, ofiira, obiriwira, a mizeremizere, a maluwa, n'kundifunsa kuti mwanayo amakonda mtundu wanji. Zaka makumi awiri ndakhala ndikugula chilichonse chimene chinalipo chiwiri, ndipo mtundu umene mwana wanga amakonda sindiudziwa. Ndinaima pamenepo mpaka a Mumba anayamba kupukuta kauntala yoyera kale. Ndinatenga la buluu chifukwa linali pamwamba.

Nditafika kunyumba Taonga analiona n'kuseka, akuti buluu ayi, Misozi ndi buluu n'kosiyana, ndipo anatsegula pakamwa kuti anene mtundu wake weniweni. Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja. Ndamuletsa, ndipo ndamuuza kuti akanena ndigulitsa 07. Bulangeti lolakwikalo ndi limene lakulunga kalata ino, ufunde lomwelo, limatenthetsa ndithu. Mtundu umene umakonda sindikufuna kuumva kwa m'bale wako, kapena kuuwerenga m'kalata. Ndikufunsa iwe, ndipo ndidikira. Ubwere pa Khirisimasi udzandiuze wekha.

Ndine amako,
amake Misozi